Tcheni inaduka titangodutsa Malingunde

Loweruka lapitali tinanyamuka anthu asanu pa ma mountain bike kulowera ku Dzalanyama, tinakumana pa Likuni 6 koloko kusanatenthe. Mkangano unayambira pompo. Mnzathu wina wangogula kumene njinga ya carbon (felemu yopepuka, yosakhala yachitsulo) yochokera ku Joni, matayala a mainchesi 29, magiya 12 kumbuyo, ndiye aliyense amafuna ainyamule amve kupepuka kwake. Felemu yake ndi kilo imodzi ndi pang'ono, yanga ya aluminiyamu ya pa kaunjika ikuyandikira makilo awiri. Iye amati kusiyanako umakumva pa chitunda chilichonse, wina nkumuyankha kuti aise, mabotolo awiri amadzi wanyamulawo akulemera kuposa pamenepo.

Ine zakulemera sizindivuta kwenikweni. Chomwe chimandiwawa pa njinga zatsopanozi ndi zobisa ma cable a magiya ndi mabuleki mkati mwa felemu, zimaoneka bwino inde koma kusintha cable imodzi yokha mpaka tsiku kutha. Felemu yaitali ndi foloko yopendekera kutsogolo zokhazo ndikuvomera, potsetsereka pamiyala njinga imakhazikika.

Titangodutsa Malingunde, pa kachitunda kafumbi, tinangomva kuti phaa! Tcheni ya carbon ija yaduka. Tinali ndi pampu, machubu, zigamba, koma quick link (kachitsulo kolumikizira tcheni mwachangu) ya tcheni ya magiya 12 panalibe amene anali nayo, yanga ndi ya magiya 9 ndipo siyilowa. Tili chiimire panatulukira bambo ena akukankha njinga yachitsulo, matumba atatu amakala pa kaliyala, thukuta lili kamukamu. Anatsamiritsa njinga yawo pamtengo wa mango nkufunsa kuti zatani achimwene. Anatulutsa msomali ndi pulayala m'kathumba ka pansi pa chishalo, anaika tcheni pamwala nkuyamba kugogoda pang'onopang'ono, osapupuluma, mpaka kapini kanasuntha. Anachotsa pothyokapo nkulumikiza. Tcheni ya 12 ndi yopyapyala kwambiri, ndinkaopa kuti aiphwanya, koma manja awo amadziwa chimene akuchita.

Atamaliza anainyamula njinga ija ndi dzanja limodzi, anakhala kaye chete, kenako anati, "Nanga achimwene, imeneyi ikathyoka mumakawotcherera kuti?" Tonse ziii. Carbon sawotcherera, aluminiyamu imafuna makina owotcherera ndi gasi wa argon omwe sapezeka paliponse, koma felemu yawo inali ndi zipsera ziwiri za welding ya pa trading centre ndipo ikunyamulabe makala kuchoka kunkhalango mpaka Chinsapo. Funso limenelo m'mawa wonse palibe anafunsa.

Tinawapatsa K3,000, anayamba akana, tinawakakamiza. Mtima wanga unali pawiri powaona akupita, chifukwa makalawo ndi mitengo ya Dzalanyama komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe, madzi omwe timamwa mtauni, koma kunyumba kwathu komwe mbaula imayaka magetsi akazima.

Kunkhalango sitinafike, tcheni yolumikiza chonchija sungaidalire pachitunda. Tinabwerera pang'onopang'ono, mnzathuyo akupalasa giya yopepuka osaimirira pa mapedulo. Mukamapita njira imeneyi nyamulani quick link yogwirizana ndi tcheni yanu, ndi madzi ambiri, miyezi ino fumbi lake si lamasewera. Pa Likuni tikudya chipisi mkangano unayambiranso, ulendo uno pa nkhani ya mtengo wa tcheni yatsopano ndi amene angatibweretsere kuchokera ku Joni.