Sindinaledzere Lamulungu Lija

Popeza nkhaniyi yafika kale kwa apongozi anga ku Ntcheu, ndipo aliyense akuithira mchere wake, ndi bwino muimve kwa mwini wake.

Ndinanyamuka ku Johannesburg Lachisanu m'mawa, ndipo basi, itadutsa Beitbridge ndi Nyamapanda, inawonongeka pafupi ndi Tete, moti ku Wenela tinafika Lamulungu m'mawa. Masiku awiri onsewo sindinaone tulo, chifukwa bambo amene ndinakhala nawo mpando umodzi anali ndi mkonono woposa injini. Wanzeru akanakagona, koma ine ndinasamba, n'kuvala jekete, n'kulunjika kutchalitchi, kumene abusa anandipempha kuti ndipempherere chopereka.

Ndinayamba bwino kwambiri, ndipo amene akunena kuti ndinkadzandira akunama. Vuto la pemphero ndi lakuti munthu amatsinzina, pamene ubongo wosowa tulo umatha kuzima kwa masekondi angapo mwini wake ali chiimire, osadziwa n'komwe. Nditangothokoza Mulungu chifukwa cha mvula, ndinapezeka ndili pamzere pachipata cha Mwanza, zikwama zili yasa, ndipo ndinalankhula modandaula, pakamwa pali pamaikolofoni: "Bwana, mabulangete awa ndi ofunda ana, si ogulitsa ayi."

Tchalitchi chonse chinangoti zii. Ana anasiya kulira, woimba kiyibodi anachotsa zala zake pang'onopang'ono ngati wagwira mbaula, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale mileme ya kudenga inatchera khutu. Kenaka mayi wina wakumbuyo, amene amavomera pemphero lililonse asanalimvetse, anafuula kuti, "Ameni!" Ameni ameneyo ndiye anandipweteka, pakuti kutuloko ndinamva ngati bwana wa kasitomu wayamba kufewa, choncho ndinawonjezera molimba mtima kuti filiji nayonso ndi yakale, anachita kundipatsa mlamu wanga.

Amene mukundinena za mowa, dziwani kuti mu 1997 akatswiri a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi. Ine ndinali nditapitirira maola 40, ndipo ndinaimabe chilili, mbale ya chopereka osaigwetsa, zimene palibe ndi mmodzi yemwe akundiyamikira.

Titatuluka, abusa anandikokera pambali, ndipo ndinkayembekezera chidzudzulo, koma iwo anangofunsa monong'ona mtengo wa bulangete limodzi. Kwa enanso amene akufunsa, atsala anayi okha.