Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Usiku Womwe Bambo Anachotsa Mabatire mu Wailesi

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe tinasamukira ku Mwanza, bambo atapeza ntchito pa sitolo ina pa boma. Munali mu 1983, ine ndili Sitandade 6.

Dzina la a Dick Matenje ndinalidziwira kusukulu, komwe tinkaloweza mayina a nduna ngati ndakatulo, ukaphonya limodzi chikoti. Iwo anali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, ndipo poti chipani chinali chimodzi chokhacho, chomwe khadi lake unkafunsidwa ngakhale polowa mumsika, mpandowo sunali wamasewera. Kuchoka pa Ngwazi, m'chipanimo wamkulu anali iwowo.

Usiku wina mwezi wa Meyi tili pa mkeka, nsima ili pakati, wailesi inalengeza kuti a Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa, afa pa ngozi ya galimoto kwathu komwe kuno, njira ya ku Thambani. Mayi anaima, mbamu ili m'manja.

"Bambo a ana, nduna zitatu ndi phungu, galimoto imodzi, kumsewu wafumbi uja amakafunako chiyani?"

Bambo anadzuka, kuzimitsa wailesi, kuitembenuza, kuchotsa mabatire n'kuwaika m'thumba la malaya. Kenako anakasuzumira panja.

"Mayi, mukufuna tonse tikagone ku Mikuyu? Idyani."

Ndiwo inali nkhwani wotendera. Sindidziwa chifukwa chake zimenezi ndimazikumbukirabe.

Kusukulu aphunzitsi anangoti tifufute mayina ena m'makope, osanena chifukwa, ife osafunsa. Ndinakhwatcha ndi pensulo mwamphamvu mpaka pepala kubooka.

Zoona zinadzatuluka ndili kale pa ntchito ku Blantyre. Boma litasintha mu 1994, a Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti yofufuza, yotsogozedwa ndi Jaji Michael Mtegha. Inapeza kuti anayiwo anagwidwa ndi apolisi ku Zomba pochokera ku Nyumba ya Malamulo, anagonekedwa ku Mikuyu komwe bambo ankanena kuja, kenako anatengedwa kupita ku Thambani komwe anaphedwa pa 18 Meyi, pomenyedwa m'mutu. Mitembo inaikidwa m'galimoto ya Peugeot n'kuikankhira kuphompho kuti zioneke ngati ngozi. Mu 1995 a Kamuzu Banda ndi a John Tembo anazengedwa mlandu, ndipo mu Disembala chaka chomwecho khoti linawapeza osalakwa.

Ndinapita ndi nyuzipepala kumudzi kukawerengera bambo, maso awo atayamba kale kuchita chifunga. Anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo, kenako anaitana mayi kukhitchini.

"Funso lanu lija, mayi. Mwana wabwera ndi yankho."

Mayi anapukuta manja pa chitenje n'kufunsa kuti funso liti.