Lachitatu usiku ndinaimitsa makina

Sabata yathayi ndinali pa shifiti yausiku, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Gulu lathu kuno ku England likuyesa kachigawo ka phiko la ndege lopindika kunsonga, pamalo pamene pali hinji. Anzanga a ntchito imeneyi mukudziwa chimene aliyense akuthamangira mapiko otere. Phiko likatalika n'kuwonda ndege imamwa mafuta ochepa, koma malo oimikapo ndege m'mabwalo sanakule. Boeing 777X ikatambasula mapiko amafika pafupifupi mamita 72, ikatera nsonga zimapindikira m'mwamba n'kutsala osakwana 65. Ife tikuyang'ana ndege zocheperapo, za msinkhu wa A320, zimene malire a mapiko ake pamalo oimikapo ndi mamita 36. Hinji imeneyo iyenera kusenza katundu wa nsonga yonse kwa zaka zambiri osatopa, ndipo ntchito yanga ndi kuitopetsa dala ndi majeki a hayidiroliki, usana ndi usiku.

Lolemba ndi Lachiwiri kunalibe chachilendo. Kumata ma strain gauge (timageji toyeza mmene chigawo chikutanukira) awiri amene anamatuka, kuyendera mabawuti, kulemba mafomu, makina n'kumakoka ndi kukankha mpaka kucha.

Lachitatu, nthawi itangodutsa 2 koloko usiku, geji imodzi ya pafupi ndi chibowo cha bawuti inayamba kusuntha pang'onopang'ono. Inzake zonse zinali phee. Tinalipo awiri basi, ine ndi bambo wina wachikulire amene wakhala pa makina amenewa kuyambira ine ndisanamalize sekondale. Kale usiku tinkakhala atatu, wachitatuyo ali woyeza ndi ultrasound, makina ounikira m'kati mwa chigawo. Atapuma ntchito chaka chatha sanalowetsepo wina, ati ndalama. Tikuyang'anabe pakompyuta, tinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda kamtengo kouma. Bambowo anangondiyang'ana. Ndinadina batani lofiira.

Ndinaimbira bwana wathu foni monga malamulo amanenera. Anandiuza kuti n'kutheka kuti gejiyo yangomatuka ngati zija za Lolemba, ndiimate ina, ndiyatsenso makina, chifukwa Lachisanu kukubwera alendo ndipo manambala ayenera kukwana. Ndinawauza kuti geji yomatuka siilira. Anabwerezanso za Lachisanu. Ndinati, "Bwana, ngati mukufuna makinawa ayende, bwerani mudzasaine nokha, ine dzanja langa silipitapo." Anadula foni.

Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti iwowo ndi injiniya, akudziwa bwinobwino. Aluminiyamu akatopa amaonetsa mng'alu, umauona, umauyeza, mawa n'kudzauyezanso. Ulusi wa kaboni, umene anapangira chigawo chathuchi, suchita choncho. Timagawo take timalekana m'kati, utomoni utasiya kugwira, pamwamba pali see ngati palibe chachitika. Ndipo zinthu zimenezi si zapambali ayi, theka la kulemera kwa thupi ndi mapiko a Boeing 787 ndi zomwezi, pa A350 n'kupitirirako pang'ono. Tikadayatsanso makina, chigawocho chikadaphwanyikiratu kusanache, ndipo pa zidutswa zotere n'kovuta kuloza pamene vuto linayambira. Chinthu chimene chinatenga miyezi kuchipanga tikadachitaya osaphunzirapo kanthu, pofuna kuti alendo aone manambala okongola.

Nditakhala pampando kudikira kuti kuche, ndinakumbukira za ndege zonyamula anthu za ku Britain zotchedwa Comet. Mu 1954 ziwiri zinaphulika m'mwamba, ina mu Januwale pafupi ndi chilumba cha Elba, ina mu Epulo pafupi ndi mzinda wa Naples, konseko ku Italy, osapulumuka ndi mmodzi yemwe. Ku Farnborough kuno ku England, ofufuza za ngozizo anamiza thupi lonse la Comet ina m'thanki ya madzi, kumapopa ndi kuphwetsa, mpaka linang'ambika litakwanitsa maulendo opitirira 3,000, kuwerengera ndi amene linauluka kale. Anthu amenewo analibe makompyuta athuwa, koma anali ndi mtima wofuna kuona pamene chitsulo chayambira kugonja. Ntchito imene ndimadyera ine inachokera m'thanki imeneyo.

Lachinayi m'mawa makina a ultrasound anali atabwerekedwa ndi gulu lina, popeza nyumba yonse ili ndi amodzi okha ogwira ntchito. Bambo aja, m'malo mopita kukagona, anatulutsa khobidi m'thumba n'kuyamba kugogoda pachigawocho. Ponseponse pankalira ngwee, koma atafika pafupi ndi bawuti ija panamveka ngati agogoda papaya lakupsa. Anazunguliza malowo ndi cholembera. Madzulo woyeza wa masana atabwera ndi makina, chithunzi chinaonetsa timagawo titalekana kuchokera m'mphepete mwa chibowo, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana, pafupifupi ndendende m'kati mwa mzere umene bambowo anajambula.

Kumsonkhano wa Lachisanu bwana anauza alendo kuti ndondomeko yathu ndi imene inagwira vutolo msanga. Bambo aja sanatchulidwe. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndondomeko imene ankaitamayo ndi yomwe inachotsa munthu wachitatu usiku. Sindikufuna kutamandidwa ine. Ndikufuna woyeza abwerere pa shifiti yausiku, ndi makina achiwiri a ultrasound akonzedwe. Ndalemba kalata yachitatu yopempha zimenezi, ndipo ulendo uno ndaphatikizapo chithunzi cha Lachinayi ndi nthawi imene ndinaimba foni.

Okonza mapulani atenga zotsatira zonse. Akukayikira mmene chibowocho chinaboolewera komanso kathinidwe ka bawuti, ndipo akufuna kudula chigawocho kuti aone m'kati ndi maikulosikopu. Chigawo chachiwiri chikukwera pamakina Lolemba, ndipo ndapempha kuti mozungulira chibowo chimenecho timatepo mageji anayi m'malo mwa imodzi. Pa ndandanda wa sabata ino, usiku tidakali awiri.