Mmene ndinaphunzitsira Neovim kuveka w chipewa

Amalume anga anapuma pa uphunzitsi kalekale, ndipo chipumireni akhala akulemba mbiri ya mudzi wathu wa ku Katete m'makope a ana asukulu. Makopewo atakwana asanu ndi limodzi, anatigawira ife adzukulu ndi aphwawo kuti titayipe. Wina amatayipa pa foni ali ku Lusaka, wina pa kompyuta ya kuntchito, onse n'kumatumiza kwa ine pa WhatsApp, poti ndine ndili ndi laputopu kuno ku Chipata. Nditasindikiza masamba khumi oyamba ndinawatengera kunyumba kwawo. Anavala magalasi, nawerenga mzere umodzi wokha, n'kuika pepalalo pamwendo.

"Mphwanga, zipewa za w zapita kuti? Ine ndinalemba nthaŵi, iwe wandilembera nthawi. Ndipo nkhodolero zako bwanji zikusiyana, ina yoongoka, ina yopindika?"

"Pepani amalume, mafoni ndiwo amatero. Ndikonza."

Ine ndemwe polemba za tsiku ndi tsiku sindiika chipewa pa w, monga mukuonera pano. Koma buku ndi lawo, ndipo iwo anaphunzira kulemba motero. Kukonza pamanja masamba onsewo kukanandidyera miyezi, choncho ndinaganiza zoti pulogalamu yolembera indithandize.

Ndimalembera mu Neovim. Ndi mphukira ya Vim, pulogalamu imene Bram Moolenaar anatulutsa mu 1991, ndipo Neovim inapatuka mu 2014. Chimene ndinaikondera n'choti m'mimba mwake muli chinenero cholembera mapulogalamu chotchedwa Lua, chimene chinapangidwa mu 1993 ku yunivesite ya PUC-Rio ku Brazil. Dzinalo m'Chipwitikizi limatanthauza mwezi wa kumwamba. Munthu ukalemba mizere ingapo ya Lua, pulogalamu yolemberayo imaphunzira ntchito yatsopano, ndipo sipafunika intaneti. Kwa ife amene timawerengera bandulo ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi, zimenezi n'zazikulu.

Choyamba, onani mtundu wa Neovim umene muli nawo polemba `nvim --version`. Ine ndinataya madzulo athunthu chifukwa chosayamba ndi zimenezi. Yanga inali 0.6, pamene malamulo awiri amene ndinkafuna, `vim.keymap.set` ndi `nvim_create_user_command`, anabwera ndi 0.7 mu 2022. Ndinkangoona zofiira osadziwa chalakwika. Nditatsitsa yatsopano zonse zinayera.

Kenako pezani pamene pulogalamuyi imasunga malangizo ake. Mukalemba `:echo stdpath('config')` ikuuzani. Pa Linux ndi `~/.config/nvim`, ndipo m'menemo mumapanga fayilo yotchedwa `init.lua`. Neovim imaiwerenga nthawi zonse ikamatseguka.

Ndinayamba ndi chopepuka, kupeza ŵ pa kiyibodi. Vim ili nayo kale njira yake: Ctrl ndi K, kenako w, kenako >. Imagwira, koma zala zinkatopa, chifukwa m'ndime imodzi ya amalume chilembochi chimapezeka kakhumi. Ndinalemba izi:

```lua
vim.keymap.set("i", ";w", "ŵ")
vim.keymap.set("i", ";W", "Ŵ")
vim.opt.iskeyword:append("39")
```

Mzere wachitatuwo ndi wa nkhodolero, imene nambala yake m'kompyuta ndi 39. Popanda mzerewu, Neovim imaona ng'ombe ngati mawu awiri, ng ndi ombe, ndiye ukafuna kudumpha liwu kapena kulifunafuna m'buku lonse imakusokoneza. Ndinasunga fayilo, ndinalemba `:source %` kuti iwerengedwe pomwepo, ndipo nditadina ;w chipewa chinatulukira. Ndinaitana mkazi wanga kuti adzaone, ngakhale anali pakati pothyakula nsima.

Ntchito yeniyeni inali yokonza zimene anzanga anatayipa kale. Maganizo oyamba anali osintha w aliyense kukhala ŵ, koma ameneyo ndi msampha. Mawu ngati iwo, mwana ndi uwu alibe chipewa. Kompyuta siimva katchulidwe, ndiye palibe kuchitira mwina koma kuipatsa mndandanda wa mawu. Ndinakhala pansi ndi kope loyamba n'kumatola mawu onse amene amalume anawaveka chipewa, ndipo ndinawaika mu tebulo ya Lua. Kenaka ndinapanga lamulo langalanga. Dzina la lamulo lotere liyenera kuyamba ndi chilembo chachikulu, mukalemba konza ndi k wamng'ono likana.

```lua
local mawu = {
  nthawi = "nthaŵi",
  awiri = "aŵiri",
  mawa = "maŵa",
  kudziwa = "kudziŵa",
}

vim.api.nvim_create_user_command("Konza", function()
  local mizere = vim.api.nvim_buf_get_lines(0, 0, -1, false)
  for i, mzere in ipairs(mizere) do
    mzere = mzere:gsub("[’‘]", "'")
    mizere[i] = mzere:gsub("%a+", mawu)
  end
  vim.api.nvim_buf_set_lines(0, 0, -1, false, mizere)
end, {})
```

Tanthauzo lake ndi ili: tenga mizere yonse ya m'fayilo, pa mzere uliwonse ongola nkhodolero, yang'ana liwu lililonse ngati lili mu tebulo, ukalipeza lisinthe, ukapanda kulipeza lisiye, pomaliza bwezera mizereyo. Chenjerani pa kawerengedwe. Lua imayamba kuwerenga pa 1, koma malamulo ambiri oyamba ndi `nvim_buf` amawerenga mizere kuyambira pa 0. N'chifukwa chake 0 ndi -1 zikuimira kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Musakopere zimenezi mmene zililimu, chifukwa muli cholakwa chimene chinandiumitsa pakamwa. Usiku umenewo magetsi anali atapita, batire itatsala pang'ono, ndipo ndinali pa mutu wonena za mmene makolo ankaperekera chuma pa maliro. Ndinalemba `:Konza`. Zipewa zinakhala bwino lomwe. Koma ng'ombe iliyonse inasanduka ng'''ombe, nkhodolero zitatu zitandandalikana ngati mizere ya m'munda. Pamene panali mitengero ya mawu a agogo panatsala zizindikiro zachilendo zosawerengeka. Mtima unagunda, poti mutuwo mlongo wanga anautayipa pa foni kwa sabata ziwiri. Mwamwayi ndinali ndisanasunge, ndipo kudina u kamodzi kunabweza zonse mmene zinalili.

Chifukwa chake ndinachimvetsa mawa lake, ndipo ndicho chinthu chimene ndikufuna aliyense wolemba chinenero chathu pa kompyuta achidziwe. Lua siona zilembo, imaona mabaiti, tizidutswa timene kompyuta imasungiramo zilembo. M'kalembedwe ka UTF-8, kamene Neovim imasungira zolemba, chilembo wamba ngati a kapena k ndi baiti imodzi, ŵ ndi mabaiti awiri, nkhodolero yopindika ija ndi mabaiti atatu. Nditaika nkhodolero ziwiri zopindikazo m'kati mwa [ ], Lua inamva kuti ndikuti baiti iliyonse mwa amenewa isinthidwe payokha. Mabaiti atatu, nkhodolero zitatu. Mitengero yopindika nayo imayamba ndi mabaiti awiri ofanana ndi a nkhodoleroyo, ndiye inadulidwa mutu n'kutsala mchira. Mankhwala ake ndi kusintha chizindikiro chilichonse pachokha:

```lua
mzere = mzere:gsub("’", "'")
mzere = mzere:gsub("‘", "'")
```

Mukufuna kudzionera nokha? Lembani `:lua print(#"Malaŵi")`. Ikuyankhani 7, pamene zilembo zilipo 6. Matenda omwewa ndinakumana nawonso pa mitu ya nkhani, imene amalume amafuna ikhale ya zilembo zazikulu. `string.upper` ya Lua inandipatsa NTHAŵI, ka ŵ katatsala kakang'ono pakati pa akuluakulu. Apa ndi pamene kukhala m'mimba mwa Neovim kumapindulitsa, chifukwa kudzera pa `vim.fn` umabwereka zida za Vim zimene zimadziwa zilembo. `vim.fn.toupper` imatulutsa NTHAŴI, ndipo `vim.fn.strchars` imawerenga 6. Lamulo limene ndadziikira n'lakuti pamene pali ŵ, ndifunse Vim, osati Lua yokha.

Zina zinali zazing'ono. Liwu likayamba chiganizo, monga Nthawi, tebulo sililizindikira, ndiye ndinawonjezera mizere itatu yoti liwu lililonse la mu tebulo lizikhalanso ndi mnzake woyamba ndi chilembo chachikulu. Uthenga wofiira ukazimiririka musanauwerenge, `:messages` imaubweretsanso. Mukaononga `init.lua` mpaka pulogalamu n'kumavuta kutseguka, `nvim --clean` imatsegula osawerenga malangizo anu. Ndipo `:help lua-guide` ndinaiwerenga kangapo magetsi kulibe, poti imabwera pamodzi ndi mitundu yatsopano ya pulogalamuyi.

N'zotheka kuuza Neovim kuti izichita `:Konza` yokha nthawi iliyonse ukamasunga fayilo, pogwiritsa ntchito `BufWritePre`. Ndinayesa, koma ndinachotsa tsiku lomwelo. Pa laputopu yomweyi ndimalemberanso makalata a komiti ya kutchalitchi, amene safuna zipewa. Komanso m'buku la amalume muli ndime zimene akulu ena akulankhula Chinsenga, ndipo sindifuna makina azigwira mawu a anthu ine ndisanaone. Ndibwino ndizilemba ndekha lamulolo, ndiyang'ane zimene zasintha, kenako ndisunge.

Loweruka lapitali ndinasindikiza mitu itatu pa kashopu ka pafupi ndi msika wa Kapata, n'kukwera minibasi ya ku Katete. Amalume anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi cholembera chofiira, ine ndili chete pa mpando wa ndalema. Tsamba loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa. Pa lachitatu anazunguliza liwu limodzi.

"Kuiŵala, mphwanga. Apa mwaiŵala."

"Ndamva amalume. Limeneli silinali pa mndandanda."

Anapezanso ena asanu ndi anayi, ndipo ndinawalemba kuseri kwa tikiti ya minibasi. Nditafika ku Chipata usiku ndinawalowetsa mu tebulo, ndinatsegula mutu wachinayi, n'kulemba `:Konza`.