Zikomo achimwene a ku Rosettenville, galimoto yadutsa pa Mwanza

Dalaivala waimba m'mawa uno kuti adutsa pa Mwanza, katundu yense ali bwinobwino. Ambuye alemekezeke. Ndagona maola awiri okha koma ndati ndilembe mtima ukadali wotentha.

Kwa amene simukuidziwa, nkhani yake ndi iyi. Mndandanda wa mu laputopu wa katundu wa anthu 46 wopita kumudzi pa galimotoyi, mafiriji, njinga, matumba a zovala, ndani walipira ndani watsala, unandithawa katatu m'sabata imodzi. Ndikalemba mpaka usiku ndinkangotseka laputopu kuti igone. M'mawa ndikadina batani loyatsira, sikirini inkawala pang'ono, kenako zii, yazimiratu. Zonse zimene sindinaseve, zapita. Inde, kusaseva kunali kulakwa kwanga, musandikumbutsenso.

Ena munati ndi batire, ena munati magetsi a kuno ku Joni aipsereza. Wina pa shopu ina m'tauni anandiuza kuti ndigule ina basi, ndalama zake akudziwa yekha kumene ndikanazitenga. Ndiye pali ena amene munayamba kunong'onezana kuti mndandanda ndikuusowetsa dala kuti ndidye ndalama za anthu. Ndinamva. Mayina sinditchula, poti Lamulungu timakhala benchi imodzi.

Koma achimwene aja a ku Rosettenville! Anaweruka ku ntchito, nakwera matakisi awiri mpaka ku Yeoville mvula ili pamsana. Sanafunse n'komwe za ndalama ya thiransipoti. Anakhala pa kreti, naigoneka laputopu, naidzutsa, ikuzima, iwo duu kuyang'ana. Kachitatu anati, "Mlongo, makinawa sakudwala, akumva kawiri."

Anatsegula journalctl, kapulogalamu koonetsa kaundula wa zimene zachitika mu kompyuta, n'kundionetsa mzere wakuti "Power key pressed" pa nthawi yomweyo imene makina akudzuka. Anandifotokozera ngati mwana. Kompyuta ikagona, ntchito yako imatsala mu RAM, mmene makina amasungamo zinthu mongoyembekezera, ndipo RAM imafuna kamoto pang'ono kuti isaiwale. Ukadina batani, kudinako kumadzutsa makina. Koma pa makina ena uthenga wa kudina komweko umafikanso kwa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa laputopu yangayi, itadzuka kale, ndiye kapulogalamu kotchedwa systemd-logind kamaganiza kuti mwini wake akuti zima. Kamamvera. Moto ukachoka mu RAM, mndandanda wako wapita nawo.

Mankhwala ake mzere umodzi, anthuni. Mu fayilo ya /etc/systemd/logind.conf anachotsa kachizindikiro ka # kutsogolo kwa HandlePowerKey, mzere wonena zochita batani likadinidwa, nafufuta poweroff n'kulemba ignore, nayatsanso makina. Ine mantha, ndinati nanga ikagona idzadzuka bwanji batani litasiya kumveka? Anaseka. Akuti kudzutsa si ntchito ya kapulogalamu kaja, ndi ya bolodi yeniyeniyo, ndipo makina akadzauma ndikhoza kukanikiza batani masekondi 4 kapena kupitirirapo, adzazima ndithu. Kuzimitsa kwa masiku onse ndiye ndizichita pa menyu. Tinayesa kakhumi. Kakhumi konse inadzuka, mndandanda uli pomwepo.

Sanathere pomwepo achimwenewa. Anakhala nane mpaka 1 koloko usiku, iwo akuwerenga malisiti ndi mauthenga a pa WhatsApp, ine ndikulemba, mpaka mayina onse 46 anakwana ndipo ndalama zinagwirizana mpaka randi yomaliza. Aliyense akatha mayina asanu ankangondikumbutsa kuseva, amvekere "Ctrl S, mlongo." Mpaka pano mawuwo akundilira m'khutu.

Zikomonso amayi a pa chipinda choyandikana nane chifukwa cha tiyi ndi mabulangete, ndi dalaivala amene anapirira tsiku lathunthu pa Beitbridge osadandaula.

Achimwene, Mulungu wa kumwamba akutsegulireni makomo, adalitse manja anuwo ndi ana anu kumudzi. Ndalama munakana, chabwino. Koma galimoto ikamabwerera ikutengerani ufa woyera ndi usipa, ndalamula kale, ndipo zimenezo mukakana tiyambana.