Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Dzanja Langa Linali pa Swichi

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinalembedwa ntchito pafakitale ina ya nsalu ku Blantyre. Ndinali ndi zaka 22 komanso mwana wa kubere. Chimene chinandizunguza mutu tsiku loyamba linali phokoso. Pofuna kumuuza mnzako kanthu unkachita kumukodola, iye n'kumayang'ana milomo yako. Poweruka, fumbi la thonje linkakhala mbuu m'tsitsi ngati wachokera kuchigayo, ndipo usiku m'makutu munkalirabe.

Loweruka lina alamu anga ku Ndirande anabwereka kaseti ya vidiyo. Iwo ankafuna ya nkhondo, koma anabwera ndi filimu ya mu 1979 yotchedwa Norma Rae, yonena za mayi wogwira ntchito pafakitale ya nsalu. Ana anatopa nayo n'kutuluka kukasewera. Ine ndinakhala pamkeka osaphethira. Chingerezi chawo ndinkangotolako apa ndi apo, koma makina ajawo ndinkawadziwa. Mayi ake a Norma atagontha ndi phokoso, dokotala wa kampani n'kuitenga ngati nkhani yaing'ono, m'mimba mwanga munatentha.

Kenako panafika pamene Norma amuchotsa ntchito chifukwa cholimbikitsa anzake kulowa bungwe la anthu apantchito. Sanatuluke. Analemba mawu akuti UNION, kutanthauza bungwelo, pakatoni, nakwera patebulo, n'kuyamba kutembenuka pang'onopang'ono atainyamula m'mwamba, osalankhula kanthu. Mayi wina anazimitsa makina ake. Wina anatsatira, winanso, mpaka fakitale yonse inati zii. Bata limenelo ndi limene linandiliza, chifukwa kuntchito kwathu ndinali ndisanalimvepo, kupatula magetsi akathima.

Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti zinachitikadi. Mayiyo anali Crystal Lee Sutton, ankapinda matawulo pafakitale ya J.P. Stevens ku Roanoke Rapids, m'chigawo cha North Carolina ku America, pa malipiro a madola 2.65 pa ola. Anakwera patebulo lija mu 1973, apolisi n'kumutenga. Antchito anavotera bungwe lawo mu 1974, koma kampaniyo inazengereza kusaina mgwirizano mpaka 1980, chaka chimene Sally Field analandira mphoto ya Oscar chifukwa chosewera bwino ngati Norma. Zaka zisanu ndi chimodzi zodikirirazo filimu sinazionetse, ndipo kwa ine n'zimene zimalemera kwambiri.

Pamzere wathu panali mayi wina wa ku Thyolo amene ankatsokomola usiku ndi usana. Patangotha milungu iwiri chionereni filimu ija, anandikokera pambali pa nthawi ya nkhomaliro, chinangwa chili m'manja.

"Achemwali, tiyeni tikapemphe zotseka pamphuno. Tikapita awiri atimvera."

Ndinamuyankha kuti, "Amayi, ine ndili ndi mwana, ndiye ndangoyamba kumene."

Anangogwedeza mutu, napita yekha kwa akapitawo. Lachisanu lake anamupatsa kalata, ati ngwoyambitsa chisokonezo. Anadutsa pafupi ndi makina anga atanyamula kajumbo kokhala ndi mbale ndi chitenje. Dzanja langa linali pa swichi, ndinkaimva kuzizira kwake m'chala. Anandiyang'ana kamodzi. Ndinaweramitsa mutu, ulusi n'kumapitirira kuyenda.

Madzulo ake sindinakwere minibasi. Ndinayenda wapansi mpaka ku Ndirande, ndipo nditafika ndinawafunsa alamu ngati kaseti ija anali atabweza kale.