Nyali zooneka pawiri pa The Lookout: vutoli latha

Pojambula kudzera pazenera nyali zinkatuluka ziwiriziwiri, koma mlatho wa Tower Bridge watuluka bwino tsopano, nyali iliyonse ili payokha, popanda inzake yotuwa pambali. Zithunzizi ndajambulira pa The Lookout, malo oonerapo mzinda pa nsanjika ya 50 ya nyumba ya 8 Bishopsgate ku London. Malowa anatsegulidwa mu 2023 ndipo salipiritsa: mumasungitsa malo pa intaneti, pakhomo n'kuunika chikwama chanu, basi. Khamu limathamangira ku malo ena oonerapo mzinda, ku Sky Garden kapena kukalipira ku The Shard, ndiye kuno mpata wa pazenera umapezeka. Kum'mwera chakum'mawa kuli Tower Bridge ndi Tower of London, kum'mwera The Shard, kumadzulo denga lozungulira la tchalitchi cha St Paul's. Tripod (miyendo itatu yoimikapo kamera) isiyeni kunyumba, m'malo ngati awa saloleza.

Mavuto a galasi alipo awiri, ndipo ambiri amawasakaniza. Loyamba ndi magetsi a m'chipinda momwemo kuonekera pachithunzi. Hudi ya raba (chovala kukamwa kwa lenzi) yogunditsa pagalasi imachepetsa, koma siyimaliza, chifukwa mazenera a nyumba zazitali chonchi amakhala a magalasi awiri kapena kuposa, pakati pali mpata. Kuwala kwa m'chipinda kumalowera kunja kwa hudi, kukagunda galasi lakunja, n'kubwerera m'lenzi. Mankhwala ake ndi kuphimba malo aakulu: nsalu yakuda yosanyezimira ya mita imodzi mbali zonse, pakati muboole pongokwana lenzi, dzanja lamanzere lizigwira nsaluyo pagalasi. Valaninso zakuda, zimitsani kanyali ka autofocus, ndipo zilembo zoyera za kutsogolo kwa lenzi muzimate tepi yakuda. Lenzi ya 24mm imafuna nsalu yaikulu kuposa ya 70mm chifukwa imaona mbali yaikulu.

Lachiwiri ndilo landidyera masiku. Nsalu yaphimba bwinobwino, m'chipinda simukuoneka kanthu, koma nyali zofiira za pamakireni ndi za pamlatho zikutuluka ziwiriziwiri. Apa nsalu ilibe mphamvu, chifukwa kuwalako kukuchokera kunja. Kukadutsa galasi loyamba, kwina kumagunda lachiwiri n'kubwerera, kugundanso loyamba, kenako n'kulowa m'lenzi chapambali pang'ono. Galasi wamba limabweza pafupifupi 4 peresenti ya kuwala pankhope iliyonse. Kubweza kawiri ndi 0.16 peresenti, kutanthauza kuti nyali yachiwiriyo ndi yofooka ndi masitopu pafupifupi 9 (sitopu iliyonse ndi kutsika kwa kuwala ndi theka). Masana simungaione. Imaonekera pokhapokha nyali yowala kwambiri ikakhala pamwamba pa thambo lakuda bii. Magalasi opakidwa zoteteza kutentha amabweza kuposa pamenepa, ndiye vuto limakula.

Nanga n'chifukwa chiyani nyali yachiwiriyo siigwera pamwamba penipeni pa yoyamba? Magalasi awiriwo akanakhala olingana ndendende, popanda lina kupendekera, chinthu chakutali sichikanaoneka pawiri. Koma mpweya wotsekeredwa pakati umafufuma ndi kuphwa malinga ndi kutentha, ndipo magalasi amapindika pang'ono ngati chikopa cha ng'oma. Pakatikati pa zenera amakhala pafupifupi olingana. Kumphepete, pafupi ndi felemu ya zenera, ndi komwe amapendekera kwambiri. Yesani nokha: kulitsani live view (chithunzi cha pasikirini ya kamera) kakhumi pa nyali imodzi, muyendetse kamera kuchokera kufelemu kupita pakati. Nyali yotuwayo imayandikira mpaka kumira mwa inzake. Tsono malo abwino ndi pakati pa galasi, lenzi italoza galasilo mwachindunji. Ngati chimene mukufuna chili chammbali, sinthani zenera, musapendeketse kamera, chifukwa kuwala kodutsa mopendekera kumabwezedwa kwambiri, makamaka kupendekerako kukapitirira madigiri 60.

Ena amalangiza lenzi ya shift (yosunthika m'mbali kapena m'mwamba kamera ili chiimire), monga Canon TS-E 24mm. Poongola nyumba kuti zisaoneke ngati zikugwa ndi yabwino zedi, koma pa vuto ili siithandiza. Kamera imaima mowongoka, inde, koma kuwala kochokera kumlatho kumadutsabe galasi mopendekera momwemo. Polarizer, sefa ya palenzi yochepetsa kunyezimira, nayonso ikhale m'thumba. Imagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 56, pomwe inu mukufuna kuloza mwachindunji, imakudyerani masitopu pafupifupi awiri, ndipo pagalasi lolimbitsidwa imatulutsa mawanga. Wofuna kuyesabe shift agule yogwiritsidwapo kale. Masitolo a makamera a MPB ndi Wex Photo Video ndimawakonda chifukwa amalemba poyera mmene lenzi yathera, ndipo lenzi zotere sizitsika mtengo msanga mukafuna kugulitsanso.

Chimene chathetsa nkhani kwenikweni ndi nthawi. Jambulani mphindi 15 mpaka 25 dzuwa litalowa, thambo likadali la buluu. Pamenepo thambo limawala kuposa nyali yotuwa ija, ndiye imangomira. Mukadikira mdima weniweni, ngakhale pakati pa galasi idzatulukira. Pakati pa Disembala dzuwa ku London limalowa cha m'ma 3:51 masana, ndipo pofika 4:30 kumakhala kwada, choncho nthawi yabwinoyi imagwera malowa akadali otsegula. Mu Juni limalowa itadutsa 9 koloko usiku, ndipo mudzapeza mwatsekeredwa kunja. Pitani pakati pa sabata: 4 koloko anthu amakhala akadali m'maofesi, mazenera onse akuyaka. Loweruka ndi Lamlungu nyumba zambiri za m'dera limeneli zimakhala zakuda. Nthawi zotsegulira zimasiyana ndi tsiku, muzione posungitsa malo.

Popanda tripod, zoika pakamera ndi izi. RAW (fayilo yosakonzedwa ndi kamera), manual (zonse muziika nokha), bowo la lenzi pa f/4 kapena f/5.6, mukatseka kufika f/11 fumbi ndi madontho a pagalasi ayamba kuoneka. Focus ikhale ya pamanja, pa nyali yakutali. ISO (mmene kamera imamvera kuwala) 1600 mpaka 3200, shata 1/50 ya sekondi pa lenzi ya 50mm yokhala ndi stabiliser (chochepetsa kugwedezeka). Magetsi a ku Britain ndi a 50 Hz, nyali zina zimaphethira ka 100 pa sekondi, ndiye 1/50 kapena 1/100 imathandiza kuti mafelemu (zithunzi zotsatizana) asasiyane kuwala. Shata ya electronic ikamatulutsa mizere, bwererani ku ya mechanical. Raba yokha ndiyo ikhudze galasi, chitsulo cha lenzi chisagunde, chifukwa galasi limanjenjemera anthu akamatsamira.

Jambulani mafelemu 16 motsatizana osasuntha. Pakompyuta atayeni ogwedezeka, otsalawo muwalinganize, muwaphatikize ndi mean (avereji) kapena median (mlingo wa pakati). Noise (timadontho ta mchenga pachithunzi) imatsika molingana ndi square root ya chiwerengero cha mafelemu, ndiye 16 amaitsitsa kanayi: ISO 3200 imaoneka ngati 200. Median imafufutanso ndege ndi maboti oyenda pa mtsinje wa Thames, pamene mean imasiya mizere yotuwa. Galasi limaonjezera kubiriwira, kokerani tint (chosinthira mtundu) ku magenta, mtundu wofiirira, pang'ono mpaka miyala ya St Paul's ioneke ngati miyala.

Chotsatira ndi Horizon 22, nyumba yoyandikana nayo, nsanjika ya 58, nakonso kwaulere. Kenako The Garden at 120 pa Fenchurch Street, padenga la nsanjika ya 15, pomwe nyumba zazitalizi umaziyang'ana chokweza mutu. Ndikufuna panorama imodzi yaikulu ya mamita awiri yochokera malo atatu onsewa, thambo lofanana, isanathe nyengo yozizira ino, ngakhale momwe ndidzalumikizire mbali ya kumpoto sindinaganizebe.